Katundu ngwabwino koma mwini wake ali duu

Pa tsiku la msika ku Chiputo, m'boma la Marávia, sipalephera kupezeka munthu amene amabwerera kumudzi ndi katundu wake yense monga m'mene adabwera naye, kapena amene wagulitsa zonse koma pa mtengo woti akakauwerengera kunyumba mutu umamuwawa. Kawirikawiri sikuti katunduyo ngoipa ayi. Uchi ndi weniweni, wosathira madzi a shuga. Mtedza ngouma bwino ndiponso wosankhidwa. Mpando adaukhoma ndi matabwa a mlombwa wokhwima. Vuto ndi lakuti mwini wake amafika m'mamawa, nayala thumba pansi, nakakhala chapatali pang'ono ngati katunduyo ndi wa munthu wina amene wapita kukamwa madzi. Wogula akafunsa mtengo, iye amayang'ana pansi ndi kuyankhira kukhosi. Wogula akati mwadulitsa, iye amangoti tengani momwemo, kuti nkhani ithe msanga.

Pambali pake pamakhala mnyamata wogulitsa sopo, mabatire ndi zovala za kaunjika, amene mawu ake amamveka mpaka kuchigayo. Kwa iyeyu aliyense wodutsa ndi achimwene, alamu kapena apongozi, ndipo pofika masana thumba lake la ndalama limakhala litafufuma. Wofatsa uja amamuyang'ana mnzakeyo ndi kudziuza mumtima kuti malonda adalengedwera anthu a pakamwa, iye lake ndi khasu basi. Ambiri amasiya geni pa chifukwa chimenechi, mpamba usanathe n'komwe.

Nkhaniyi si yaing'ono kwa anthu a dera lino. Chiputo ndi limodzi mwa madera anayi a boma la Marávia, pamodzi ndi Chipera, Malowera ndi Fingoè kumene kuli likulu. Bomali lidachita malire ndi Zambia kumpoto, Zumbo kumadzulo ndi Chifunde kum'mawa, ndipo kumwera kuli nyanja ya Cahora Bassa. Mzinda wa Tete uli kutali, misewu imavuta mvula ikagwa, ndipo anthu olandira malipiro pa mwezi ngowerengeka: aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi a m'maofesi a boma. Kwa ena onse, ndalama ya mchere, ya makope a ana ndi ya ulendo wa kuchipatala imachokera pa chimene agulitsa, kaya ndi chimanga, mbuzi, nsomba zouma za chicoa, mphasa kapena mandasi. Wogula wamkulu wobwera ndi galimoto sabwera tsiku ndi tsiku. Munthu akalephera kutsegula pakamwa tsiku limene wabweralo, thukuta la chaka chonse limapita pa mtengo umene wina wamutchulira.

Kufatsa si matenda

Akuluakulu adati manyazi adapha lambe, ndipo mawuwa amanenedwa kawirikawiri kwa anthu oterewa. Koma kumuuza munthu kuti asiye manyazi kuli ngati kuuza wamalungo kuti asiye kunjenjemera. Choyamba n'kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza.

Pali kufatsa, kumene ndi chibadwa. Munthu wofatsa sakonda phokoso, amaganiza kaye asanayankhe, ndipo akakhala pa gulu tsiku lonse amatopa ngati walima ndime ziwiri. Amasangalala kucheza ndi munthu mmodzi kapena awiri. Palibe cholakwika chirichonse pamenepa, ndipo munthu wotere sadzasanduka wolongolola ngakhale atamwa mankhwala a mtundu wanji. Ndiye pali mantha, oopa kusekedwa, kukanidwa kapena kunenedwa. Mantha amenewa munthu amachita kuwaphunzira, ndipo chimene munthu adachiphunzira angathenso kuchisiya pang'onopang'ono. Chimene chimabweza katundu kumudzi ndi mantha, osati kufatsa.

Ngakhale kunja nkhaniyi adaifufuzapo. M'chaka cha 2013, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, Adam Grant, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa anthu 340 amene ntchito yawo idali kugulitsa malonda kudzera pa telefoni. Iye adapeza kuti amene adagulitsa kwambiri sadali olankhulitsa aja, komanso sadali a duu zedi aja. Adali a pakati, odziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yomvetsera. Olankhulitsa amalephera chifukwa samupatsa mpata wogula kuti anene chimene akufuna. Tsono wofatsa asanamizidwe kuti iye ndiye katswiri wa malonda chikhalire, ayi. Koma ulendo wake ndi waufupi kuposa m'mene amaganizira. Kumvetsera amadziwa kale. Chotsala ndi mawu owerengeka.

Kukhala chete kuli ndi mbiri yake

Dziko lino si lachilendo pa malonda. Dzina loti Marávia lidachokera kwa Amaravi, ndipo likulu la Undi lidali ku Mano, kuno kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, kalekale ufumuwo usanakakhazikike ku Mkaika m'boma la Katete. M'zaka za m'ma 1700 minyanga ya njovu ndi golide zinkachoka m'dera lino kupita ku Tete ndi ku Zumbo, posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Koma malonda aakuluwo adali a mafumu ndi nthumwi zawo.

Munthu wamba, kwa zaka zambiri, mtengo ankachita kuuzidwa. M'nthawi ya Apwitikizi, mwini sitolo ya kumudzi ndiye ankanena kuti chimanga chako chikwana nsalu yotalika bwanji. Ufulu utabwera mu 1975, boma ndilo linkaika mitengo ya mbewu, ndipo kuyambira mu 1981 kampani ya boma ya Agricom ndiyo inkagula. Mitengo idayamba kumasulidwa mu 1987, koma nthawi imeneyo kuno kudali nkhondo, ndipo anthu ambiri adali atathawira ku Zambia, ena mwa iwo ku msasa wa Ukwimi cha ku Petauke, kumene chakudya ankalandira pa mzere. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo ambiri adabwerera kwawo cha m'ma 1994 kudzayamba ndi manja okha. Ngakhale mlimi wa fodya wa mgwirizano ndi kampani, pa tsiku logulitsa amaima ndi kudikira kuti woyesa anene giredi. Choncho kunena kuti katundu uyu ndi wanga ndipo mtengo wake ndi wakuti, ndi luso limene agogo ambiri sadakhale ndi mpata wolisiyira adzukulu awo.

Mwambo nawo uli ndi mbali yake. Mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, sakweza mawu, ndipo sayamba kulankhula asanafunsidwe. Mtsikana ku chinamwali amalangizidwa kudzichepetsa. Mkamwini amene akukhala kwa akazi ake amayenda mosamala, ndipo ngakhale atakhala mmisiri wa matabwa woposa onse m'mudzimo, n'kovuta kuti aime pabwalo ndi kunena zimenezo pamaso pa apongozi. Mayi wapabanja akamaseka ndi kuitanira amuna odutsa pamsika, sipachedwa kumveka manong'onong'o, ndipo nkhani imakafika kwa abambo kunyumba iye asanafike. Pamwamba pa zonsezi pali kuopa nsanje. Ambiri amakhulupirira kuti ukaonetsa kuti geni ikuyenda, wadziitanira a maso ofiira, kapena anthu ayamba kunena kuti udakhwimira.

Zonsezi n'zenizeni, ndipo amene amabwera ndi maphunziro a bizinesi kuchokera kutauni n'kumauza anthu kuti azidzichemerera sadziwa m'mene mudzi umakhalira. Kudzitama kumadanitsa, ndipo m'mudzi munthu wodedwa sagulitsa. Koma kunena za katundu si kudzitama. Amene wanena kuti ine ndine wolemera, ine ndine wanzeru, ameneyo wadzitama. Amene wanena kuti uchi uwu ndidafula sabata yatha ku ming'oma yanga, botolo ndi mwakuti, wangopereka uthenga, monga amachitira wolengeza maliro kapena msonkhano wa kwa amfumu. Palibe adanenedwapo zamwano chifukwa cholengeza msonkhano.

Mtengo uzichokera kunyumba

Mantha ambiri a pamsika amayamba chifukwa wogulitsa sadziwa yekha kuti katundu wake adamudyera ndalama zingati. Munthu amene sakudziwa pamene phindu lake lathera sangalimbe pokambirana, chifukwa wogula akangokwinya nkhope iye amayamba kuganiza kuti mwina wadulitsadi.

Mwachitsanzo, mayi wina wagula ufa, mafuta, shuga ndi yisiti, waonjezapo nkhuni, zonse pamodzi 400 metikali, ndipo wakazinga mandasi 100. Ndiye kuti ndasi lirilonse lamudyera 4 metikali. Akagulitsa onse pa 5 metikali, phindu lake ndi 100 metikali. Koma akapereka mandasi 10 a basela chifukwa chochita manyazi kukana, ndipo ena 15 n'kutengedwa pa ngongole imene sidzabwera, ndiye kuti wagulitsa 75 okha, ndalama yake 375 metikali. Wadzuka tambala woyamba, wapsa ndi mafuta, ndipo waluza 25 metikali. Mayi amene wachita masamu amenewa usiku, pa kope la mwana wake kapena ndi njere za chimanga, m'mawa amakhala munthu wina. Akamakana kutsitsa sakhala akuchita mwano. Amakhala akudziwa chimene akuteteza.

N'chifukwa chake mitengo iyenera kukhala iwiri munthu asananyamuke: woyambira, ndi womaliza umene pansi pake katundu abwerere kunyumba. Ndipo iyenera kutchulidwa mokweza kunyumba komweko, kangapo, mpaka lilime litazolowera. Izi zimaoneka ngati zoseketsa, koma m'dera la m'malire ngati lino manambala amasokoneza. Wochokera ku Tete amawerenga m'Chipwitikizi, wochokera ku Petauke kapena ku Katete amawerenga m'Chingerezi ndipo amabwera ndi makwacha. Chichotsereni maziro atatu pa metikali mu 2006, alipobe anthu amene amawerenga ndalama m'makonto, ndipo kwacha ya Zambia nayo idachotsedwa maziro atatu mu 2013. Wogulitsa wamanyazi akapanda kumva bwino safunsanso, amangovomera. Kufunsa kuti mwati zingati, ndipo ndi ndalama ya dziko liti, sikudachotsepo munthu ulemu. Safunsa adadya phula.

Ambiri amaumanso pakamwa chifukwa sadziwa bwino Chipwitikizi, ndipo akaona munthu wovala nsapato zonyezimira amaganiza kuti ayenera kumuyankha m'chilankhulo cha kusukulu. Iyayi. Wogula ndiye wabwera kudzafuna katundu. Ngati adatha kupeza njira yofikira ku Chiputo, athanso kupeza womumasulira.

Nzeru za ku wailesi

Amene amamvera Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsanso m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, kapena mawailesi a ku Chipata, amaganiza kuti aulutsi onse ndi anthu olongolola chibadwire. Si choncho. Ena mwa iwo akatuluka mu situdiyo ndi anthu a phee, oti paukwati amakhala kumbuyo. Chimene chimawathandiza ndi malangizo ochepa amene muulutsi watsopano amapatsidwa, ndipo malangizo omwewo amagwira ntchito pamsika.

Muulutsi amauzidwa kuti asaganize za anthu zikwizikwi amene akumvera, chifukwa akatero mawu amauma. Aganize za munthu mmodzi, monga azakhali ake ali pakhonde akusenda mtedza, ndipo alankhule ndi iwowo. Wamalonda wofatsa naye sayenera kulankhula ndi msika wonse. Kukuwa kuja akusiyire mnyamata wa kaunjika. Iye ntchito yake ndi munthu mmodzi amene wachepetsa liwiro pafupi ndi katundu wake. Ameneyo ampatse moni, basi. Moni ndi chinthu chimene ngakhale wamanyazi wotheratu adaphunzira ali mwana, ndipo munthu amene wapatsidwa moni mwaulemu, mwaswera bwanji amayi, kapena wawa abambo, sadutsa ngati wadutsa chitsa.

Amauzidwanso kuti chofunika chiyambe, ndipo chikhale chachifupi. Pa malonda zofunika ndi zitatu: chinthucho n'chiyani, chasiyana bwanji ndi cha ena, ndipo mtengo wake ndi wotani. Mtedza wa chaka chino, ndasankha ndekha, mbale ndi mwakuti. Mawu amenewa satha ngakhale mpweya umodzi. Safuna nthabwala kapena luso la ndakatulo. Amangofuna kuti akhale oona, chifukwa m'mudzi bodza la pamsika limakafika kunyumba tsiku lomwelo.

Ndiye pali kupuma. Munthu wamantha amathamangitsa mawu kuti athane nazo, ndipo mtengo amaunena mothamanga ngati akupepesa. Muulutsi amaphunzira kukoka mpweya asanatsegule pakamwa, ndiponso kusaopa kachetechete. Apa ndi pamene wofatsa amamuposa wolongolola. Akatchula mtengo, atseke pakamwa. Wogula adzadandaula, adzatembenuza katundu uku ndi uku, adzanena kuti kwa uje n'kotchipa, mwina adzayamba kuchoka. Imeneyo ndi ntchito ya wogula, ndipo si ndewu. Wolankhulitsa amatsitsa mtengo yekha asanapemphedwe, pofuna kudzaza mpata. Amene adazolowera kukhala chete angathe kudikira, ndipo nthawi zambiri wochoka uja amatembenuka.

Malonda ndi m'maso, amatero anthu, ndipo pamenepa katundu angathe kumulankhulira mwini wake. Kamtengo koyera koviika mu uchi kuti munthu alawe kamanena zambiri kuposa kulumbira. Tomato wotsukidwa ndi kuunjikidwa bwino pa thandala, osati pa dothi, amaitana yekha. Telala apachike malaya amodzi osokedwa bwino panja, kalipentala aike mpando umodzi pamseu woti odikira galimoto azikhalapo. Kachikwangwani ka katoni kolembedwa mtengo ndi makala kamachotsa funso limene wamanyazi amaliopa kwambiri. Koma mwini wake akhale pafupi, ataimirira kapena atakhala moyang'ana anthu, osati kuseri kwa mtengo.

Ankhoswe a malonda

Mwambo womwe uja umene umaphunzitsa kukhala chete udaperekanso njira yolankhulira. Mnyamata sapita yekha kukanena za ukwati, amatuma ankhoswe. Mfumu pa mlandu imakhala ndi nduna zoyankhula. Palibe amene amati mfumu ndi yamantha chifukwa cha ichi. Wamalonda wofatsa naye angathe kukhala ndi omulankhulira, ndipo woposa onse ndi wogula amene wakhutira. Mayi amene diresi lake lamukhala bwino akafunsidwa kutchalitchi kuti adasoka ndani, ameneyo wagwira ntchito imene telala sakadaigwira ndi pakamwa pake. Chofunika ndi kupempha, chifukwa ambiri sakumbukira okha. Mawu oti mukawauzeko anzanu kuti ndimasoka ndi ochepa, ndipo amanenedwa kwa munthu mmodzi, mwakachetechete, pomupatsa katundu wake.

Telefoni ya m'manja nayo ndi nkhoswe. Chiyambire kampani ya Movitel mu 2012, mafoni adafika m'madera ambiri a kumidzi, ngakhale kuti pena munthu amayenera kukwera pachulu kuti amveke. Amene amachita chibwibwi pamaso pa munthu angathe kulemba uthenga waufupi kwa ogula ake asanu kapena khumi, wonena kuti nkhuku zakula kapena uchi wafika. Kulemba kumapereka mpata woganiza, umene wofatsa amaufuna.

Koma nkhoswe ili ndi malire ake. Ambiri amatuma mwana kapena mlamu kukagulitsa, iwo n'kutsala kunyumba. Mwana amanyengedwa mosavuta, ndipo malo ake ndi kusukulu. Mlamu amabwera ndi nkhani yakuti msika udali woipa, ndipo palibe njira yodziwira. Choopsanso n'chakuti pakapita nthawi ogula amadziwa wotumidwa uja, osati mwini katundu, ndipo tsiku lina wotumidwayo amayamba geni yakeyake ndi ogula omwewo. Ena angathe kuitana anthu ndi kuyamikira katundu, koma mtengo ndi ndalama zikhale m'manja mwa mwini wake.

Malo abwino ophunzirira kulankhula ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene ku Malawi amawatcha banki m'khonde. Njira imeneyi adaiyambitsa ndi a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 30 odziwana, ndipo wofuna ngongole amanena pamaso pa anzake kuti akufuna zingati ndiponso akachita nazo chiyani. Kwa mayi amene sadalankhulepo pa msonkhano, kumeneko ndiko kuyamba. Sabata yoyamba mawu amanjenjemera, pofika mwezi wachitatu amakhala akufunsa mlembi kuti awerengenso bwino. Kufunika kwa luso limeneli kudaoneka pa nthawi ya ndalama zija za 7 miliyoni, zimene boma la Armando Guebuza lidayamba kupereka ku boma lirilonse mu 2006. Wofuna kubwereka ankayenera kufotokoza ntchito yake kudzera m'makhonsolo a m'madera. M'dziko lonse mudamveka madandaulo akuti ndalamazo zinkapita kwa odziwika ndiponso kuti zobwezedwa zidali zochepa. Alimi ndi amisiri ambiri akhama sadayese n'komwe kupempha, poopa kuima pamaso pa akuluakulu.

Ngongole ya achibale

Pali mawu amodzi amene amavuta kuposa kuitanira malonda, ndiwo kukana. Kagolosale ka m'mudzi kawirikawiri sikagwa chifukwa chosowa ogula. Kamagwa chifukwa atsibweni adatenga shuga, achemwali adatenga sopo, alamu adatenga mabatire, onse akuti adzapereka akagulitsa fodya. Mwini wake wofatsa amalemba m'kope, ndipo akakumana nawo pa njira ndiye amene amachita manyazi ndi kupatuka, ngati wangongole ndi iyeyo.

Kukana wachibale mwachindunji n'kovuta, ndipo m'mudzi n'kosatheka kukhala osathandizana. Lero ndi iwo, mawa ndi iwe, ndipo pa maliro palibe amene amadziika yekha. Koma pali njira zokanira zosaswa chibale. Amene ali m'gulu losunga ndalama angathe kunena zoona kuti mpambawu ndi wa gulu, ndipo Lachisanu akufunika kukabweza. Amene ndalama amaisunga mu foni, pa M-Pesa kapena e-Mola, m'thumba mwake simukhala zambiri zoti munthu angazione. Ena amapatula kambale kapadera: atsibweni akabwera, amawapatsa kasopo kamodzi kaulere ndi manja awiri, n'kunena mwaulemu kuti aka ndakupatsani ine mphwanu, koma za pa shelefu ndi za malonda. Kupatsa pang'ono kodziwa kuti wapatsa kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kukongoza zambiri zimene sizidzabwera. Atsibweni adzang'ung'udza mwezi umodzi. Golosale ikagwa adzakhala oyamba kunena kuti mwanayu sadziwa geni.

Pokatenga ngongole yakale, wofatsa asadikire kuti mkwiyo udzaze mtima, chifukwa anthu a phee akaphulika amaphulika moipa, ndipo mlandu umakathera kwa anyakwawa. Ndi bwino kupita m'mawa, kupereka moni wonse, kutchula tsiku ndi ndalama monga zidalembedwera, ndi kufunsa kuti ndibwere liti. Tsiku limene atchule, abwerenso.

Galimoto ikaima pa mtengo wa mango

Mayeso aakulu amabwera nthawi yokolola, kuyambira mu April kupita m'tsogolo, pamene mavenda amafika ndi zitini ndi masikelo awo. Nthawi imeneyi chimanga chimakhala chambiri, aliyense akufuna ndalama, ndipo mtengo umakhala pansi. Venda ndi munthu wa pakamwa, ndiyo ntchito yake. Amalankhula mofulumira, amaseka, amanena kuti galimoto inyamuka posachedwa ndipo kutsogoloku anthu akugulitsa motchipa. Si onse akuba, ndipo popanda iwo mbewu zambiri zikadaolera m'nkhokwe, poti si aliyense angathe kulipira galimoto mpaka ku Tete. Koma venda amadziwa msanga munthu woti sangamufunse funso.

Mafunso ake si ambiri. Chitini cha malita 20 chimalowa chimanga chouma cha makilo pafupifupi 17 kapena 18, kotero zitini zitatu zimadzaza thumba la makilo 50 n'kutsalako pang'ono. Chitini chimene adachimenya m'mbali kuti chifutukuke chimadya zoposa pamenepo, ndipo njira yodziwira ndi kubwera ndi chako, n'kuthira chimanga cha m'chitini cha venda m'menemo anthu akuona. Sikelo nayo imayesedwa: paketi ya shuga yosatsegula ya kilo imodzi iyenera kuonetsa kilo imodzi, ndipo malita 5 a madzi amalemera makilo 5, kuonjezapo pang'ono pa chigubu. Munthu wofatsa sayenera kunena kuti mukuba. Angonena kuti tiyese kaye ichi, achimwene, n'kupachika paketi ya shuga. Ngati sikelo ili bwino, palibe walakwiridwa.

Pamenepa mutu umodzi susenza denga. Mabanja asanu kapena khumi akagwirizana usiku kuti pansi pa mtengo wakuti sagulitsa, ndipo katundu wawo amuika pamalo amodzi, venda amene watentha mafuta kuchokera kutali sangabwerere ndi galimoto yopanda kanthu chifukwa cha kusiyana kochepa. Pa gulu lotere wolongolola amafunika, kuti azikangana ndi venda. Koma pafunikanso wina wodekha woima pa sikelo, maso pa singano, kope m'manja, amene salowerera nthabwala ndipo thumba lirilonse likatsika amatchula makilo ake mokweza kuti onse amve, n'kulemba. Ntchito imeneyi kawirikawiri amaipereka kwa munthu uja amene pamsika amakhala duu, chifukwa anzake amadziwa kuti saphonya nambala.